Nsapato za Malemu Nizam

Wallahi, ngati ndikunama lilime langa liwole, ndevu izi zithothoke lero lomwe! Ine ndaphika tiyi pakhomo pa ofesi ya za malo zaka makumi asanu, makapu oti mutawasanjikiza angafike ku Makka n'kubwerako. Palibe chinachitika pamenepo osandidutsa m'maso.

Kunabwera bwana watsopano, Chaudhry Inayat, wa chipsera chogunditsa mutu pansi pa swala, pamphumi, chachikulu ngati chapati. Analamula kuti azana, mfuu yoitanira anthu ku swala, ikamveka, aliyense azilowa m'kachipinda kopempherera. Nkhope sankaziyang'ana ayi, ankangowerenga nsapato zovulidwa pakhomo. Zako zikasowa katatu, ankakusamutsira kuchipululu, kumene ngakhale ngamila zimalira ludzu.

Kalaliki wina, Shafqat, sankaswali chimwalirire mwana wake. Kusamuka nakonso sakanatha, poti mkazi wake anali chigonere. Ndiye m'kabati ya mafayilo anapezamo nsapato zakuda zofanana ndi zake, za malemu Nizam, mkulu wosunga mabuku amene anafera pamkeka wa swala. Azana ikamveka, ankaziika pakhomo paja n'kuzembera kwa ine kudzamwa tiyi. Madzulo ankazitsekeranso m'kabati.

M'mawa wina anazipeza zili pakhomo pa kachipinda, kiyi wa kabati ali m'thumba mwake. Mkati zinali zonyowa, ngati mwatuluka mapazi ongotsukidwa kumene. Mawa lake chimodzimodzi, ndipo mkeka wa pakona unali wofunda.

"Shafqat bhai, m'bale wanga," anamunong'oneza mnzake Mumtaz, "ati wayamba kubwera swala ya m'bandakucha? Mlonda akuti amakumva ukusisima mkatimo. Ukufuna mpando wa bwana kapena Paradiso?"

"Usandiseke, iwe."

"Ndikuseke? Tadzigwira pamphumi."

Anadzigwira. Panali kachipsera kolimba, pomwe iye mutu anali asanaugunditse pansi zaka zitatu. Maondo nawo anali atachita zikang'a.

Tsiku lachinayi anatsimikiza zokaziponya m'ngalande. Anadikira anthu aweruke. Kunali chifunga cha m'nyengo yozizira, choti ine ndinkachidula ndi mpeni kuti ndione ketulo, magetsi nawo atazima. Dzuwa likulowa, azana inamveka patali, yosasa ngati ikutuluka m'chitsime. Mpopi wosambira unayamba kudontha wokha, tho, tho, tho. Kenako m'khonde munamveka khwa, khwa, kuyenda kwa nkhalamba yokoka mwendo, ndipo nsapato zija zinamudutsa Shafqat, zopanda munthu, n'kukaima pakhomo mwaulemu.

M'kachipindamo, mu mdima, wina ankapuma movutikira.

"Mwana wanga," anatero mawu a Nizam, "ndinali nditapumula. Wandidzutsa kuti ndiziswali m'malo mwako. Maondo anga atha. Lowa, uime m'malo mwanga."

Kutacha tinamupeza Shafqat mphumi ili pamkeka. Tinamunyamula amuna khumi ndi awiri, ine ndekha ndikugwira ntchito ya asanu ndi atatu. Kumapazi kunali nsapato za Nizam, zitamatirira ngati khungu. Wosoka nsapato anathyolerapo mipeni itatu.

Kuyambira pamenepo Shafqat ankaswali kasanu patsiku, osafuna, miyendo ikumukoka yokha. Koma ndi nsapato sulowa pamkeka, ndiye ankagwada m'khonde. Akaika zina pakhomo, zinkapezeka m'kabati. Bwana anawerenga, nsapato zake zasowa kamodzi, kawiri, katatu.

"Sahib, mwandiona ndikuswali ndi maso anu! Mkazi wanga akudwala."

"Ine sindiwerenga anthu," anatero Chaudhry Inayat, akusayina kalata.

Shafqat anakwera basi ya kuchipululu Lachisanu. Mkazi wake tinamuika Lolemba, mwamuna kulibe.

Iwe wakumbuyo, ukuti chiyani? Mlonda ndiye ankazivala popita kukasamba? Zamkutu! Mlondayo anali ndi mwendo umodzi, nsapato zinkanyowa zonse ziwiri. Imwa tiyiyo, akuzizira.