Ubweya wa Toffee

Vivian ndi mtsikana wa ku Tyrrelstown, mumzinda wa Dublin. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupambana pa chiwonetsero cha mahatchi. Ankafuna riboni ya wopambana.

Loweruka lililonse Vivian ankapita kusukulu ya mahatchi. Kumeneko ankakwera Toffee. Toffee anali hatchi yaifupi. Anali wojintcha, wamimba ngati mgolo. Tsitsi lake la m'khosi linali lalitali. M'miyendo mwake munali ubweya woyera, wambiri, wofika pansi. Akamayenda ankachita ngati akusesa.

Mphunzitsi wa Vivian anali a Orla. Tsiku lina a Orla anamuyang'ana miyendo.

"Vivian, ukutalika," anatero a Orla. "Chaka chamawa Toffee adzakuchepera. Chiwonetsero cha chaka chino n'chomaliza kwa iwe ndi iye. Usankhe bwino gulu lolowamo."

Magulu anali awiri. Gulu loyamba linali la mahatchi ochepa thupi. Miyendo yawo ndi yosalala. Tsitsi lawo amaliluka. Gulu lachiwiri linali la mahatchi ojintcha, aubweya. M'gulu limeneli saluka tsitsi. Sadula ubweya. Oweruza amafuna kuuona wonse.

"Toffee ndi wa gulu laubweya," anatero a Orla.

Vivian anakwinya nkhope. "Ine ndikufuna gulu la okongola," anatero.

"Kaganize kaye," anatero a Orla.

Koma Vivian akafuna chinthu, makutu amatseka. Mawu a a Orla anangopita ndi mphepo.

Amayi a Vivian amaluka anthu tsitsi pabalaza pawo. Vivian anakula akuonerera. Kuluka nayenso amakudziwa bwino. Amadziwanso pomwe amayi amasunga sizasi.

Tsiku loti mawa lake kuli chiwonetsero, Vivian anapita kukhola. Anasambitsa Toffee. Anamupukuta. Anamuluka tsitsi la m'khosi bwinobwino. Kenako anayang'ana miyendo. Ubweya uja unamunyansa. Anatulutsa sizasi ya amayi m'thumba.

Anadula. Anadulanso. Ubweya unagwa pansi ngati thonje. Toffee sanakane. Anangoima phee, chifukwa Vivian anali mnzake.

A Orla anafika pakhomo la khola. Anayang'ana pansi. Anayang'ana miyendo ya Toffee.

"Vivian, wachita chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndamukongoletsa," anatero Vivian.

A Orla sanakalipe. "Ubweya umenewu sumera msanga," anatero. "Gulu laubweya sangalowenso mawa. Latsala ndi gulu lako lija."

Tsiku la chiwonetsero kunali mvula yowaza. Amayi anabwera. Bambo anabwera. Evelyn, mng'ono wake wa Vivian, anabweranso. Onse anaima kumpanda ndi maambulera.

Vivian analowa m'bwalo atakwera Toffee. Mahatchi ena anali aatali. Anali opepuka miyendo. Toffee anali wamfupi pakati pawo. Mimba ija sinabisike. Miyendo yometa ija inaoneka ngati misi.

Toffee anayesetsa. Anayenda bwino. Anathamanga bwino. Anaima bwino.

Woweruza anafika pafupi. Anamusisita Toffee pakhosi.

"Hatchi yabwino iyi," anatero. "Koma mwanawe, gulu lino si lake."

Toffee anaikidwa kumapeto kwa mzere. Riboni sanalandire.

Kenako linalowa gulu laubweya. Vivian anaima kumpanda n'kumaonerera. Mahatchi onse anali ojintcha. Onse anali amimba. Ubweya wawo unkauluka akamathamanga. Anthu anaomba m'manja. Onse ankafanana ndi Toffee wa dzana.

Vivian anamva chisoni kwambiri. Misozi inayamba kutsika.

"Mummy, ndalakwitsa," anatero. "Toffee akanakhala umo. Ndamuwonongera show."

"Walakwitsadi, mwanangu," anatero amayi. "Ndiponso sizasi yanga unatenga osapempha."

"Pepani, Mummy."

"Ndamva. Koma wina wofunika kumupepesa ali apoyo."

Vivian anakumbatira khosi la Toffee. "Pepa, Toffee," ananong'ona. Toffee analibe mangawa. Anangolowetsa mphuno m'thumba la jekete, kufuna karoti.

"Tsitsi ndimalidziwa ine," anatero amayi. "Limamera. Limangofuna wolisamala."

Nyengo yozizira inafika. Kunja kunkada msanga. Kukhola kunali matope okhaokha. Koma Loweruka lililonse Vivian ankapita. Ankatsuka miyendo ya Toffee. Ankaipukuta. Ankaipaka mafuta. Ankaipesa. Zala zinkachita dzanzi ndi kuzizira, koma sanasiye.

Ubweya unayamba kumera. Unkamera pang'onopang'ono. Miyendo ya Vivian nayo inkakula. Iyo inkakula mwachangu.

Nyengo yotentha inafikanso. Ubweya wa Toffee unafika pansi. Unali woyera, unali wofewa. Vivian anakwera pachishalo mosangalala. Koma mapazi ake analendewera kunsi kwa mimba ya Toffee.

A Orla anapukusa mutu. "Pepa, Vivian," anatero. "Wamukulira."

Vivian anatsika. Mtima unamupweteka. Mwayi wake unali chaka chatha, ndipo anaudula yekha ndi sizasi. Anakhala pansi pakhomo la khola. Analira pang'ono.

Evelyn anabwera n'kukhala pambali pake. Iye anali atayamba kuphunzira kukwera hatchi. Miyendo yake inali idakali yaifupi.

Vivian anapukuta misozi. Anayang'ana Toffee. Anayang'ana mng'ono wake.

"Evelyn, ukwere ndiwe," anatero.

"Ine? Class yake iti?" anafunsa Evelyn.

"Yaubweya," anatero Vivian. "Ndipo usamuluke. Usamudule. Ungomupesa basi."

Tsiku la chiwonetsero Vivian anapesa Toffee yekha. Anapesa m'khosi. Anapesa mchira. Anapesa miyendo yonse. Kenako anakaima kumpanda ndi amayi ndi bambo.

Evelyn analowa m'bwalo. Toffee anali pakati pa anzake. Anayenda bwino. Anathamanga bwino. Ubweya wake unkauluka.

Woweruza anawerama. Anagwira ubweya uja. Anamwetulira. Toffee anaikidwa kutsogolo kwa mzere.

Bambo anaimba likhweru. Amayi analuluta, ndipo anthu onse anatembenuka. Vivian anaomba m'manja mpaka manja anawawa. Anali wokondwa. Koma kachisoni kanalipobe, chifukwa pachishalo paja akanakhala iye.

Pobwerera, atsikana awiriwo anakhala kumbuyo m'galimoto. Evelyn anali ndi riboni m'manja. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Daddy, riboniyi ndi ya ndani?" anafunsa. "Wakwera ndine. Koma ubweya anasamala ndi Vivian."

"Nkhani imeneyo mugwirizane nokha kumbuyoko," anatero bambo.

Evelyn anaganiza pang'ono. Kenako anasendera pafupi ndi mkulu wake.

"Gwira uko," anatero.

Vivian anagwira mbali imodzi. Evelyn anagwira mbali inayo. Anaigwira choncho mpaka kunyumba.