Woima Pansi pa Denga

M'tauni monse bambo ake a Chisamba ankadziwika kuti a Levulo, dzina la chida choyezera kuwongoka kwa khoma, chifukwa munthuyo sankagwirizana ndi chinthu chokhota, kaya ndi khoma, kaya ndi mawu. Anali mmisiri womanga nyumba komanso mkulu wa mpingo, ndipo pakhomo pawo panali pa mtendere. M'mawa uliwonse banja linkagwada pabalaza bambo asanavale nsapato zantchito. Mwana wawo woyamba, amene aliyense ankangomuitana kuti Chisamba, anakula akuseweretsa zidutswa za njerwa.

A Levulo anali ndi lamulo lawolawo pa ntchito. Akathira denga la konkire n'kuuma, tsiku lochotsa mapolo olichirikiza ankaima pansi pake, manja ali m'chiuno, mpaka polo lomaliza litachoka.

"Wothira denga ndiye aime pansi," ankatero. "Ukaliopa iwe mwini wake, ukufuna pagone mwana wa ndani?"

Chisamba atakhwima pa ntchito, bambo ake anapeza ntchito ziwiri nthawi imodzi. Iwo anatenga yakutali, namusiyira yomanga chipinda cha sukulu ya mkaka, pamodzi ndi makiyi a mosungira simenti. Mnyamatayo ankayenda makiyi akulira m'thumba ngati mwini tauni. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Wamalondayo anali dalaivala wa lole yobweretsa mchenga, munthu woseka ndi mano onse.

"Bwana wamng'ono, makiyi onsewa koma kukhosi kuli gwa? Ukudikira kudzasangalala mano atatha?"

"Simentiyi si yanga, achimwene."

"Simenti ilibe pakamwa, mphwanga. Chotsa thumba limodzi, uwonjezere mchenga. Konkire akauma, nkhope yake ndi imodzimodzi. Ndani adzamufunse za m'mimba mwake?"

Thumba loyamba linakwera lole Chisamba akuyang'ana uku ndi uku. Lachiwiri linakwera iye akuimba mluzu. Otsatirawo sankawayang'ananso n'komwe. Akaweruka, dalaivala ankamupititsa kubala, kumene anthu osamudziwa ankamutchula kuti bwana malinga botolo lili patebulo.

Tsiku lina akulowa m'nyumba, mayi ake anamuimitsa pakhomo.

"Iwe, fungo ili si la simenti."

"Ndi anzanga amene amamwa, mayi. Ine ndinangokhala nawo pafupi."

"Ine undinamize, ndine mayi ako, mawa ndidzakuphikirabe. Koma Mulungu alibe kuseri, mwana wanga."

Nawonso bambo atabwera kumapeto kwa sabata, anamuyang'ana maso ofiirawo nati, "Konkire sakangana ndi munthu tsiku lothira. Amayankha pambuyo pake. Wandimva?"

"Ndamva, bambo," anatero Chisamba, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsiku lothira denga linafika simenti itatsala yochepa. Konkire anatuluka wotuwa, wosagwirana, ngati phala la mwana wodwala. Antchito anayang'anana, koma Chisamba anawatseka pakamwa ndi mabotolo.

Mantha anayamba denga likuuma. Masana ena analowa yekha pansi pake, pakati pa mapolo, nakanda ndi chikhadabo pamene thabwa linasiya mpata. Mchenga unayoyokera kumaso kwake. Atasiya kukanda, unapitirirabe kuyoyoka wokha, pang'onopang'ono, ngati munthu akunong'ona. Kuyambira pamenepo kaphokoso kameneka sikanamusiye. Ankakamva posamba. Ankakamva m'tchalitchi, anthu akakhala chete kuti apemphere. Akamatafuna chakudya, ankamva mchenga m'mano pamene ena onse akudya bwinobwino. Akaona tiana tikudutsa pamsewu titagwirana manja, ankatembenukira kumbali. Ankadziwa kuti ayenera kuulula, koma m'mawa uliwonse ankati mawa.

Tsiku lochotsa mapolo a Levulo anabwera atavala malaya oyera, nkhope ili mwee.

"Lero ndi tsiku lako, Chisamba. Denga ndi lako. Lowa."

Mnyamatayo anayang'ana dengalo. Anagwira pamimba n'kuwerama.

"M'mimba, bambo. Mwandipotokola chidzukire. Sindingathe kuima."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga hamala, nalowa, nagogoda denga cha m'mphepete. Anapendeketsa mutu kumvetsera, nagogodanso.

"Unathira monga ndinakuuzira?"

Apa ndiye panali pakhomo potulukira, ndipo Mulungu anali atatsegula chitseko chonse. Mawu anafika pakhosi pa Chisamba. Koma antchito anali pomwepo, mayi mwini sukulu analinso pomwepo, ndipo manyazi anamukulira kuposa moyo wa bambo ake.

"Inde, bambo."

"Basi, khala pansi upume. Ndiima ine."

Chisamba anakhala pa mulu wa mchenga. Mapolo anayamba kuchoka. Iye ankamva kaphokoso kaja kakukula, ndipo ankadabwa kuti ena onse sakukamva bwanji. Antchito atatulutsa polo lapakati, fumbi linatsika pa malaya oyera aja. A Levulo anakweza maso. Denga linatsika lonse nthawi imodzi.

Antchito anawafukula ndi manja, iwo akupumabe. Kuchipatala madokotala anapulumutsa moyo, koma msana unali utathyoka, ndipo anati miyendo sidzayendanso. Dalaivala uja sanaonekenso, ngakhale lole yake. M'tauni anthu anayamba kunena kuti a Levulo nawonso anali wakuba wovala jekete la mpingo. Dzina limene analimanga moyo wawo wonse linagwa pamodzi ndi dengalo.

Chisamba anasiya mowa, koma mtendere sanaupeze. Ndiye ankanyamula bambo ake kuchoka pabedi kupita pampando, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana wabwino. Mawu amenewo ankamuwotcha kuposa kutukwanidwa. Anaonda, maso analowa m'kati. Ngakhale m'chipinda cha bambo, chimene denga lake linali la malata, ankamva mchenga ukuyoyoka.

M'mawa wina akuwapukuta mapazi, mapazi amene sankamvanso ngakhale kutentha kwa madzi, anagwetsa nsalu m'beseni.

"Bambo, simenti ndinagulitsa. M'mimba simunkandipweteka. Ndinadziwa kuti ligwa, ndipo ndinakusiyani mulowe."

Analira ngati kamwana, chipumi chili pa mawondo akufawo. Kenako anamva dzanja lokhakhala pamutu pake.

"Hamala inandiuza," anatero a Levulo. "Koma ndinati hamala ndi chitsulo, uyu ndi mwana wanga. Ndinakhulupirira iwe."

"Munditemberere, bambo."

"Ndakhala ndikudikira mawu ako, osati kuti ndikutemberere. Tamvera. Dengalo likanapirira tsiku lija, likanadzagwera tiana tili m'kalasi. Ukanaima iwe, bwenzi mayi ako akulira mpaka lero. Mulungu analigwetsa pa tsiku lake, ndipo pansi panali ine. Pa zimenezo ndimamuthokoza. Ndakukhululukira. Koma chikhululukiro si pulasitala wobisira mng'alu. Pita ukanene kwa mwini sukulu, kumpingo ndi kupolisi."

Chisamba anapita. Khoti linamupatsa chilango chake, ndipo anakachigwira kundende. Kumeneko, tsiku lina akupemphera, anazindikira kuti kunja kuli zii. Mchenga uja unali utaleka.

Atatuluka, mayi mwini sukulu, amene chipinda chake chinali chikadali bwinja, anamulola kuti athirenso dengalo, iwo akuyang'anira thumba lililonse. Tsiku lochotsa mapolo Chisamba analowa pansi yekha. Asanalamule antchito, anamva mateyala akukwekwesa pakhomo. Mayi ake anali akukankha bambo pa njinga ya olumala.

"Bambo, chonde, musalowe!"

"Mayi ake, ndikankheni," anatero a Levulo. "Ndikufuna mthunzi."

Anakhala pambali pa mwana wawo mpaka polo lomaliza litachoka. Denga silinagwedezeke.

Wachinyamata iwe, tchimo limene ukulibisa lero likuuma pamwamba pa mutu wa munthu wina, ndipo nthawi zambiri ndi munthu amene amakukonda. Ulule chitseko chikadali chotsegula. Mulungu amakhululukadi, ndipo Chisamba ndi mboni. Koma madzulo a tsiku lomwelo, atafika kunyumba, anawerama monga mwa masiku onse, nanyamula bambo ake kuwachotsa panjinga kukawagoneka pabedi.