Kabokosi ka Tisunge

Lufina ankasankha mbatatesi pakhonde, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a Tsangano, pamene mwana wake Tisunge anatulukira akuthamanga, foni ili m'manja. Akuluakulu a msonkhano wa akatswiri a zipangizo zamagetsi, kutsidya kwa nyanja, anali atamusankha pakati pa ofufuza achinyamata. Tikiti ya ndege, pogona, ngakhale katswiri womuongolera, zonse anamulonjeza. Ankafuna kuona kabokosi kamene Tisunge anapanga, kamene ukakakhudzitsa dothi kamayankhula, n'kukuuza ngati mbewu zikufuna madzi.

"Amayi, musauze munthu mpaka nditanyamuka," anatero Tisunge.

Kwathu kuno ulendo waukulu satsanzika, anthu amangomva kuti uje anapita. Koma chimwemwe cha mayi chimayabwa pakamwa. Lufina anauza munthu mmodzi yekha, mkulu wake Maness, amene mwana wake Evance anaphunzira limodzi ndi Tisunge koma osasankhidwa.

M'mawa mwake m'nyumba munayamba kununkha dothi lofukulidwa kumene. Agalu anasiya kulowa pabwalo. Kabokosi kaja kanayamba kuyankhula kokha, ndi mawu a Tisunge amene anajambuliramo: "Dothi lanyowa. Dothi lanyowa." Chonsecho mvula inali italeka miyezi inayi yapitayo.

"Wakayatsa ndiwe?" anafunsa Lufina.

"Ayi, amayi. Mulibe batire."

Lachitatu lilime la Tisunge linalemera, mawu osatuluka. Kuchipatala anamuyeza zonse, matenda osaoneka. Anamwalira Loweruka, chikwama chili chomangamanga, ndipo anamuika atavala diresi lobiriwira limene anasoketsa kuti akavale kumsonkhano. Pamaliropo Maness analira kuposa mwini mwana, anthu mpaka kunong'onezana. Ndiyenso anabweretsa maganizo.

"Ntchito ya mwanayu isafere m'nyumba. Evance akamuimire m'bale wake."

Akumsonkhano, pomva chisoni, anavomera. Lufina anapereka kabokosiko ndi manja awiri, akuthokoza.

Patatha masabata awiri, Maness anabwera kudzaonetsa chithunzi pafoni, mano onse pamtunda. Evance anali ataima patebulo, satifiketi ili m'manja, alendo atamuzungulira. Kumbuyo kwake, pafupi ndi khoma, panali mtsikana atawerama, akulumikiza mawaya. Diresi lake lobiriwira linali ndi dothi m'mapewa.

"Achemwali, uyu ndi ndani?" anafunsa Lufina.

Maness anayang'anitsitsa.

"Sindikuona munthu ine."

Anathimitsa foniyo, n'kudzuka kuti azipita. Lufina anamva mtima ukung'ambika. Anadziwa kuti mwana wake sali kumanda, anadziwanso kuti pakamwa pamene panamupereka ndi pake. Sanakuwe, sanatukwane. Anangogwira chitenje cha mkulu wakeyo.

"Mukamuuze Evance," anatero motsitsa mawu, "kuti mwana wangayo akakhala pa ntchito amaiwala kudya. Azimupatsako chakudya."