Lamba wa Enelesi

Anamwino atangoyang'ana pakompyuta m'mawa uja, nkhope yawo inagwa. Tawina, yemwe ankapinda bulangete pambali pa bedi, anasiya kupindako n'kuwayang'ana.

"Mtima wa mwana unasiya kumveka cha m'ma leveni koloko usiku," anatero anamwinowo. "Enelesi, kodi akusuntha?"

Enelesi, mkulu wake wa Tawina, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ankaliza mkonono wodzutsa nyumba yonse, nthawi zina n'kumabanika ali m'tulo, choncho achipatala anamugoneka kuti amuyeze usiku wonse. Anamumanga pamimba lamba wokhala ndi kamakina kolemba kugunda kwa mtima wa mwana. Tawina, mtsikana wa Fomu 2, anabwera kudzamudikirira.

Koma pochoka kwawo ku Mlangeni, mayi awo anali atakokera Tawina pambali. "Wapakati samanga kanthu m'chiuno, mwana amadzikulunga mchombo m'khosi. Ukayang'anire bwino." Ndiye Enelesi atagona, Tawina anamasula lambayo mwakachetechete n'kudzimanga yekha, kuti kanyali ka makinawo kasazime. Anagona akudziyesa wochenjera kuposa chipatala chonse.

Tsopano Enelesi anagwira mimba ndi manja onse awiri. "Mayo ine, mwana wanga! Sindinamumve chidzukireni!"

Amayi a m'mabedi ena anadzuka n'kumayang'ana. Tawina anachita mantha kwambiri. Kuulula kunali kowawa, koma kulira kwa mkulu wake kunawawa koposa.

"Achemwali, ndine," anatero Tawina. "Lambayo ndinavala ndine. Ndimaopa zimene ananena amayi."

Anamwino anatenga kachipangizo kena, n'kumakayendetsa pamimba pa Enelesi, uku ndi uku. Panapita nthawi. Kenaka m'chipindamo munamveka phokoso lothamanga, gugugu gugugu, ngati kamwana kakugogoda pachitseko. Enelesi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Ali moyo," anatero anamwino, akutembenukira kwa Tawina. "Koma ngati iye amavutika mayi ake akabanika, sitinadziwe. Mwanayu sangatiuze ndi pakamwa. Usiku wonse amalankhula ndi mtima wake, ife n'kumamvera iwe."

Tawina anayang'ana pansi, misozi ikudontha pasimenti.

Enelesi anayenera kugonanso usiku wina, ndipo tsiku lonse sanamulankhule mng'ono wakeyo. Madzulo anamwino atabwera ndi lamba, Tawina anaimirira.

"Ndionetseni pamene pali mtima wa mwanayo, ndimumange ndine," anapempha. "Amayi ndikawafotokozera ndekha."

Enelesi anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anakweza bulauzi.