Munda wa a Lungu Unkadzipalila Wokha

Dzuwa litapendeka, Perpetua anakhala pakhonde akunola khasu lake pamwala. Inali nyengo yopalila, ndipo m'mudzi wa kuseli kwa Kacholola udzu unali utaposa anthu mphamvu. Minda yoyela inali ya a Stanislaus Lungu okha, bambo amene ankaswela kumsewu kusewela nsolo, zikhato zawo zosalala ngati za khanda.

Chaka chimenecho amuna atatu amphamvu anaikidwa m'manda, onse osadwala. Wachitatu anali Cosmas, mwamuna wa Perpetua. Odutsa pafupi ndi minda ya a Lungu chamadzulo ankamva makasu akugunda pansi, nanunkhiza thukuta ndi dothi lonyowa, koma wolimayo osamuona. Anthu ankanong'onezana za ndondocha, akufa oukitsidwa kuti azilimila amene anawapha.

Perpetua sankadya mphekesela. Kuwelenga anadziphunzitsa yekha pa matumba a feteleza, ndipo chilichonse ankafuna achione ndi maso ake. M'mawa mwake anakaima pamalile a minda ya a Lungu. Cosmas anali wamanzele, ndipo mzele uliwonse ankaumaliza mokhota, monga anaphunzilila kwawo ku Tete. Mizele yonse yokwezedwa kumene inali yokhota kumapeto.

"Amai, mwasochela?" Anali a Lungu, kumbuyo kwake.

"Ndabwela kudzaona mwamuna wanga."

Iwo anaseka. "Wanu ali kumanda. Koma udzu wakumezani, amai. Mungonena mawu amodzi, mailo mupeza munda wanu uli mbee. Kuvutika si ulemu."

"Anandilimila zaka makumi awili ali moyo. Sindingamudyele thukuta atafa."

Masana anafotokozela Tasila, mkazi wa wachiwili mwa amuna atatu omwalila aja. Tasila anagwila pakamwa.

"Mayo ine! Tontholani, mufuna mukhale wachinai?"

"Tandiuza, mnzanga. Ndondocha zikasowa nchito zimatani?"

"Akuti... akuti zimakaifuna kwa mwini wake."

A Lungu anali atatsala ndi minda iwili yosapalila. Kuyambila tsiku lotsatila, Perpetua ankapalila wake m'mawa, dzuwa likafika paliwombo nkulowa wa a Lungu, anthu onse akuona. Mwini munda anathamangila komweko thukuta lili kamukamu.

"Wakutumani ndani? Tulukani!"

"Ndikukuthandizani kwaulele, bambo," anatelo Perpetua osaimika khasu. "Kapena muli nawo okulimilani? Atchuleni maina, anthuwa amve."

A Lungu anayang'ana khamu limene linali pamalile, nabwelela.

Tsiku lachitatu zikhato za Perpetua zinaphulika matuza. Anazimanga ndi chigamba cha chitenje, napitiliza. Tsiku lachinai Tasila anabwela ndi khasu lake, akulila, koma anabwela. Mvula inawakwapula, msana unakana kuwongoka, ana ankawaseka kuti alimila mlesi. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwili, m'minda yonse ya a Lungu munalibe ngakhale kaudzu kamodzi.

Madzulo amenewo makasu anamvekanso, koma osati kumunda. Ankagunda m'njila, pang'onopang'ono, kulowela kunyumba ya malata ya a Lungu. Agalu analowa pansi pa nkhokwe. Azimai anakokela ana m'nyumba mbale zisanatsukidwe.

Kutacha, bwalo lonse la a Lungu linali mizele, kuyambila kukhola mpaka pakhomo. Chitseko chinali pululu. Simenti ya pabalaza inali yoswekasweka, mizele itapitilila mpaka kuchipinda. Njinga yawo inalipo, nsapato zinalipo. Pamalo pa bedi panali mzele umodzi wautali, wokwela kuposa yonse, woumbidwa bwino ndi kuseli kwa khasu. Makasu atatu anali atagonekedwa pambali pake, ngati a anthu amene aweluka.

Kenaka mkulu wina wa mpingo ananong'ona.

"Tifukule?"

Maso onse anatembenukila kwa Perpetua. Iye anayang'ana makasu atatuwo, nakonza chigamba cha m'manja mwake.

"Fukulani amene mufuna," anatelo. "Ine nchito ya a Lungu ndinaimaliza mailo."