Kafupi ndi Galu Wodumpha

Kafupi anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzina lenileni anali nalo, koma palibe ankalitchula. Onse ankangoti Kafupi. Pamzere wa kusukulu ankaima kutsogolo chaka ndi chaka.

Kafupi ankafuna galu. Ankafuna kagalu kakang'ono. Kagalu konyamula m'manja, kogona m'katoni.

Bambo ake anali akalipentala. Ankapala matabwa m'shedi, kuseri kwa nyumba. Tsiku lina akuba anathyola loko. Anatenga sowo ndi nyundo ziwiri.

"Basi," Bambo anatero. "Pakhomo pano pakufunika galu."

Kafupi anasangalala. Anapeza katoni. Anayalamo juzi yake yakale.

Loweruka Bambo anabwera ndi galu. Koma tinene zoona, galu ndi amene anabwera ndi Bambo. Iye anali patsogolo, akukoka chingwe. Bambo anali pambuyo, akupunthwa.

Galuyo anali wamkulu. Mutu waukulu, mapazi aakulu, lilime lalitali. Ananunkhiza katoni ija. Anaiponda kamodzi kokha, katoni yonse phwata!

"Bambo," Kafupi anafunsa, "mwabweretsa galu kapena mwana wa ng'ombe?"

Amayi anagwira pakamwa. "Bambo a Kafupi, chimutu chonsechi chizidya chiyani?"

Dzina linakhala lomwelo. Galuyo anakhala Chimutu.

M'khosi mwa Chimutu munali mzere wopanda ubweya. Kafupi anaukhudza ndi chala.

"Ndi unyolo umenewo," Bambo anatero. "Wakulira paunyolo, kuseri kwa sitolo ya matayala. Mwini wake watopa naye. Akuti tikamulephera timubweze."

Chimutu analibe khalidwe ngakhale pang'ono. Ankauwa njinga. Ankauwa tsache. Ankauwa ngakhale malaya a Bambo ali pachingwe. Anatafuna nsapato yatsopano ya Amayi. Anagubuduza chitini cha guluu.

Koma vuto lalikulu linali kudumpha. Ankadumphira Bambo. Ankadumphira Amayi. Ankadumphira anthu obwera kudzatenga mipando. Sankaluma ayi. Ankangosangalala, koma chisangalalo chake chinali cholemera ngati thumba la simenti.

Adokotala a ziweto anabwera kudzamubaya katemera. Anali mayi wamtali wa jombo zakuda. Anamuyang'ana mano. Anamuyang'ana makutu.

"Uyu sanakule," Adokotala anatero. "Thupi ndi lalikulu, koma nzeru ndi za mwana. Akadumpha, muzimufulatira. Osaseka. Osamupatsa kanthu. Akakhala pansi, m'pamene muzimuyamikira. Ndipo nonse muzichita chimodzimodzi. Mwamva?"

"Tamva," Bambo anayankha.

"Tamva," Amayi anayankha.

"Tamva!" Kafupi anayankha, mokweza kuposa onse.

Koma Kafupi anamva ndi khutu limodzi.

Kuseri kwa shedi kunali mulu wa utuchi. Unali wofewa ngati matilesi. Tsiku lina Kafupi ataweruka kusukulu, anakhala pamenepo akudya buledi. Chimutu anabwera. Kafupi anaimirira, nakweza dzanja m'mwamba kuti galu asamulande.

Chimutu anadumpha. Anaika mapazi pamapewa a Kafupi. Onse awiri anagwera mu utuchi, phi!

Sizinapweteke. Kafupi anaseka mpaka m'mimba kuwawa. Anamupatsa Chimutu buledi yense.

Mawa lake anachitanso. Mkuja wake anachitanso. Dzanja m'mwamba, Chimutu m'mwamba. Dzanja m'mwamba, Chimutu m'mwamba. Nthawi zina ankaima choncho, mapazi pamapewa, n'kumazungulira ngati akuvina.

Kusukulu palibe ankamusankha Kafupi pa mpira. Koma pano galu wamkulu chonchi ankadikira iye yekha. Zinkamukoma kwambiri. Ndipo sanauze munthu.

Bambo ankafulatira galu akadumpha. Amayi ankafulatira. Koma Chimutu sankasiya.

"Galu uyu mutu ndi waukulu chabe," Bambo anadandaula. "M'katimo mulibe kanthu."

Kafupi anangoyang'ana m'kapu yake ya tiyi.

Kafupi anali ndi mlongo wake wamng'ono. Mwanayo anali ndi zaka ziwiri. Ankayenda pendapenda, ndiye onse ankamutchula kuti Penda.

Lamlungu m'mawa Penda anatulukira pakhonde. M'manja anali ndi buledi. Anaona Kafupi ali pabwalo. Anakweza kadzanja kake m'mwamba.

"Achemwali, onani!"

Chimutu anaona dzanja. Anaona buledi. Anathamanga.

"Chimutu, ayi!" Kafupi anakuwa.

Koma anachedwa. Chimutu anadumpha. Pakhonde panalibe utuchi. Panali simenti.

Khu!

Penda anagwa. Chibwano chinamenya sitepe. Poyamba kunali zii. Kenako analira kulira kumene Kafupi anali asanamvepo. Magazi anadontha pa malaya ake oyera.

Amayi anamunyamula, ulendo wa kuchipatala. Chimutu anatsala pakhonde akugwedeza mchira. Ankadikira kuti wina amuyamikire.

Penda anabwerako masana. Anamusoka katatu pachibwano. Ataona galu, anabisa nkhope pachifuwa cha Amayi.

Bambo sanakalipe. Anatenga unyolo wa pageti. Anamanga Chimutu pamtengo wa kuseri.

"Tamulephera," Bambo anatero. "Loweruka abwerere kwawo."

Kafupi anafuna kuulula. Koma anachita mantha.

Lolemba linafika. Kafupi sananene kanthu.

Lachiwiri linafika. Kafupi sananene kanthu.

Chimutu anasiya kuuwa. Unyolo ankaudziwa bwino. Anangogona, mutu pamapazi. Njinga inadutsa, iye chete. Chakudya anangochinunkhiza.

Koma akaona Kafupi, mchira unkamenya pansi. Pha, pha, pha. Sanamukwiyire ngakhale pang'ono. Zimenezi ndi zimene zinkamupweteka Kafupi kwambiri. Bola akanamuuwa.

Kusukulu Kafupi sanamve zimene aphunzitsi ankanena. Ankangoona chibwano cha Penda. Ankangoona khosi la Chimutu. "Ndikanadziwa," ankatero mumtima. "Ndikanangomvera."

Lachitatu masana Kafupi analowa m'shedi. Bambo ankapala mwendo wa tebulo. Pensulo inali pakhutu.

"Bambo."

"Ee, mwanangu."

"Chimutu sanalakwe. Ndalakwa ndine."

Bambo anasiya kupala. "Ukuti chiyani?"

"Tabwerani muone."

Anapita kumtengo kuja. Kafupi anakweza dzanja m'mwamba. M'dzanjamo munalibe kanthu. Chimutu anadzuka msanga, nadumpha. Unyolo unamukoka khosi, nagwa chagada. Anadzukanso, mchira uli gwedegwede.

"Ndinamuphunzitsa ndine," Kafupi anatero akulira. "Tsiku ndi tsiku, pa utuchi. Penda anakweza dzanja ngati ine."

Bambo anakhala pansi pa thabwa. Anachotsa pensulo pakhutu.

"Iwe, bwanji sunanene?"

"Ndimaopa, Bambo."

"Ine ndimati galu uyu ndi wosamva. Chonsecho amamva kwambiri. Wagona paunyolo masiku atatu chifukwa chomvera."

Bambo anamasula unyolo. Anasisita khosi la Chimutu. Nawonso anamva chisoni.

Amayi anamva nkhani yonse ali kukhitchini. Sanamwetulire.

"Wanena zoona, wachita bwino," Amayi anatero. "Koma mwana wanga wasokedwa. Kaya walakwa ndani, galuyo akudumphabe. Mawa adzagwetsa mwana wa eni."

"Amayi, chonde. Ndimuphunzitsanso."

Amayi anapukuta mbale imodzi. Anapukuta ina.

"Mwezi umodzi," anatero. "Ukatha ndidzamuyesa ndekha. Akadumpha, apite. Ndipo usadzandilirire."

Bambo anakhoma kageti ka matabwa pakhonde. Penda ankasewera m'kati. Chimutu ankakhala kunja.

Adokotala a ziweto anabweranso. Kafupi anawafotokozera, mutu uli pansi.

"Kuphunzitsa galu n'kosavuta," Adokotala anatero. "Chovuta n'kumuiwalitsa. Dzanja lomwelo likhale ndi tanthauzo latsopano. Likakwera, iye azikhala pansi. Ulimba?"

"Ndilimba."

Anayamba tsiku lomwelo. Bambo anagwira chingwe. Kafupi anakweza dzanja.

"Khala!"

Chimutu anadumpha. Kafupi anafulatira. Buledi anabwerera m'thumba.

Anayesanso. "Khala!" Chimutu anadumpha. Kafupi anafulatira.

Chimutu anadabwa. Analira pang'onopang'ono. Anakanda diresi la Kafupi ndi phazi. Ankafunsa kuti, kodi gule wathu uja watha?

Kafupi sanacheuke. Anayang'ana khoma la shedi. Misozi inkatsika, koma sanacheuke. Nayenso ankaufuna gule uja. Ankadziwa kuti sadzavinanso.

Tsiku lachiwiri, Chimutu anadumpha. Tsiku lachitatu, anadumpha. Tsiku lachisanu anagwetsa Bambo mu utuchi, ndevu zonse mbuu.

"Mwati mwezi ukwana?" Bambo anafunsa akulavula utuchi.

Kafupi sanaseke. Ankawerenga masiku pa kalendala ya m'shedi. Ankatha msanga.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Kafupi anakweza dzanja.

"Khala!"

Chimutu anayang'ana dzanja. Anayang'ana nkhope ya Kafupi. Anapendeketsa chimutu chake. Kenako matako pansi, khathi!

"Eya! Galu wabwino!" Kafupi anagwada, namupatsa buledi pansi pomwepo. Bambo anaomba m'manja.

Koma mawa lake anadumphanso. Galu saiwala tsiku limodzi.

Anapitiriza. M'mawa asanapite kusukulu, khala. Masana ataweruka, khala. Pageti, khala. Pa utuchi pomwe paja, khala. Bambo ankakweza dzanja. Anthu odzatenga mipando ankakweza dzanja. Kafupi anasiya kupita kosewera. Buledi wake yense ankathera m'kamwa mwa Chimutu.

Mwezi unatha.

Amayi anatuluka pabwalo. Anavala epuloni. M'manja anali ndi buledi wopaka majarini, wonunkhira.

"Masulani chingwe," Amayi anatero.

Bambo anamasula. Kafupi anagwira malaya a Bambo.

Amayi anakweza dzanja m'mwamba. Sananene kuti khala. Anangoima du.

Chimutu anathamanga. Anafika pafupi. Phazi limodzi linanyamuka. Thupi lonse linkanjenjemera. Malovu ankadontha.

Kafupi anatseka maso.

Atatsegula, Chimutu anali atakhala pansi. Ankayang'ana Amayi, mchira ukusesa fumbi.

Amayi anadikira. Anadikirabe. Chimutu sanasunthe.

"Chabwino," Amayi anatero. Anawerama, namupatsa buledi. "Akhale. Koma nsapato yanga ija sindinaiwale."

Bambo anaseka kwambiri. Kafupi anakumbatira khosi la Chimutu. Pamzere paja ubweya unali utayamba kumera.

Kenako anayang'ana pakhonde. Penda anali kuseri kwa kageti. Sankaseka. Anagwira matabwa ndi manja awiri. Pachibwano pake panali chipsera chaching'ono, chofiira.

Chisangalalo cha Kafupi chinachepa. Chimutu anali ataphunzira. Amayi anali atalola. Koma chipsera chija sichikanachoka.

Kafupi analowa pakhonde. Anakhala pansi, pambali pa Penda.

"Penda, pepa. Ndinakupweteketsa ndine. Pepa kwambiri."

Penda sanamvetse zonse. Analoza kunja ndi chala.

"Galu."

"Ee, galu. Ukumuopa?"

Penda anagwedeza mutu kuvomera. Anakwera pamiyendo pa Kafupi.

Chimutu anabwera pang'onopang'ono. Anaima kunja kwa kageti. Penda anauma thupi. Kafupi anamugwira mwamphamvu.

"Usaope. Ndakugwira. Tamuuza kuti khala."

Penda anayang'ana Amayi. Amayi anabwera pafupi. Bambo nawo anabwera pafupi.

Penda anakweza kadzanja kake. Sikanakwere kwambiri.

"Kala," anatero, ndi timawu tating'ono.

Chimutu anakhala pansi.

Maso a Penda anakula. Galu wamkulu chonchi wamumvera iye! Anatembenukira kwa Bambo. Anakwezanso dzanja.

"Kala!"

Bambo anakhala pansi pa fumbi, pambali pa galu. Amayi anaseka mpaka kugwira chipupa.

Penda anaseka nawo. Anatulutsa chala chimodzi pakati pa matabwa. Anakhudza mphuno ya Chimutu. Inali yonyowa, yozizira. Anabweza chala msanga. Kenako anachitulutsanso.

Kafupi anapsompsona chibwano cha mlongo wake, pambali pa chipsera.

"Chikuwawa?" anafunsa.

"Ayi," Penda anayankha, maso ali pa galu. "Achemwali, tsegulani."