Nambala ya pa Thumba la Mpunga

Pa depoti ya ku Salima anthu amayenda motayirira, koma mnyamata uyu anali atakumbatira chikwama pachifuwa ngati chikufuna kumuthawa. Zuleka, amene ankadikira minibasi ya ku Lifuwu atagulitsa mpunga wake, analephera kudzigwira.

"Achimwene, kuno ndi ku Salima. Chikwamacho chisiyeni chipume."

Mnyamatayo anaseka mwamanyazi. Anati dzina lake ndi Bilali, ndipo wangotsika kuchokera ku Joni komwe amagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo. M'minibasi anakhala moyandikana, ndipo asanafike n'komwe pa mphambano, Bilali anali atamuyendetsa kale m'mizinda ya eni. Ku Dar es Salaam, anatero, mbava imabwera pa njinga yamoto n'kutsomphola chikwama. Ku Nairobi suyankha foni pawindo la basi. Ku Lusaka n'chimodzimodzi ndi ku Lilongwe, amangokupisa m'thumba mwaulemu.

"Koma ku Joni amakuloza ndi mfuti dzuwa likuswa mtengo, iwe n'kuthokoza kuti akusiyira moyo."

Zuleka, amene ulendo wake wautali unathera ku Lilongwe, anamumvera chisoni. Ndipo chisoni, tonse tikudziwa, ndi khomo lakuseri la chikondi.

Mwezi umodzi unakwanira. Bilali anakaonekera kwa amalume a Zuleka n'kulonjeza kuti akadzabweranso adzamanga nika, ukwati wa Chisilamu, kenako adzamutenga mkazi wake kupita naye ku Joni. Atabwerera, mauthenga ankagwa ngati mvula.

"Duwa langa, ndadya koma sindinakhute, poti sunaphike ndiwe."

"Wallahi, chaka chino sichitha usanakhale m'nyumba mwanga."

Chaka chinatha. Chachiwiri chinayamba. Zuleka anapangitsa pasipoti n'kuisunga pansi pa zovala m'sutikesi, koma akangotchula za ulendo, Joni inkaipiraipira. Mnzake wa Bilali amubaya dzana. Mayi wina amulanda mwana pa sitolo. Panabweranso malamulo. Zuleka asamaimbe, azidikira kuimbiridwa, chifukwa foni ikalira pamsewu ndi imfa. Zoonerana pa foni ayi, foniyo imakhala mu sokosi.

"Ndingakubweretse bwanji kumoto kuno, mtima wanga? Dikira ndipeze nyumba ya mpanda."

Mayi Gladys, oyandikana nawo, amene ankapita ku Joni mwezi ndi mwezi kukaoda mabulangete, anamva nkhaniyi n'kupukusa mutu. Anati mbava ziliko, sakukana, iwo omwe anawalandapo foni kawiri. Koma amayi a ku Malawi ali mbwee kumeneko, akubereka, akugulitsa mandasi. Anaonjeza kuti anthu a kumeneko nawonso amamva kuti kuno timadyedwa ndi ng'ona tsiku lililonse. Zuleka anakwiya nawo mawuwo. Kodi mwamuna akamakuopera ngozi, si chikondi chimenecho?

Chomwe ankatha kumuchitira wokondedwa wake n'kumutumizira mpunga. Akakolola, ankasankha wabwino, wonunkhira, n'kukaukweza pa basi ya ku Joni. Apanso panali lamulo: pa thumba azilembapo dzina ndi nambala ya Bilali basi. Yake asalembe, kuopa kuti akathyali angamuimbire n'kumunamiza kuti Bilali wachita ngozi.

Ulendo uno kondakitala anakanitsitsa. Anati matumba akhala akusokonekera pa chipata cholowera m'dziko la eni, choncho thumba lopanda nambala ya wotumiza silikwera. Zuleka analandira cholembera n'kulemba nambala yake m'munsi, tizilembo ting'onoting'ono.

Patatha masiku anayi, akuyanika mpunga pa lona masana, foni inalira. Nambala inali ya ku Joni. Mtima unadumpha ndi chimwemwe.

"Salaam aleikum, alamu," anatero mawu a mzimayi, ofatsa, a kalankhulidwe ka ku Mangochi. "Ndine Layla, akazi awo a achimwene anu a Bilali. Zaka zonsezi tikudya mpunga wanu, ine osathokoza. Ndikawapempha nambala yanu amangoti mawa. Lero ndaiona pa thumba."

Zuleka anakhala pansi, pampunga pomwepo.

Layla ankangolankhula, wosangalala ngati munthu amene wapeza m'bale. Anafunsa chifukwa chake alamu sabwera kudzawaona. Zuleka anayankha kuti anamva zoti kumeneko n'koopsa.

"Kuopsa kulipo, koma timakhala. Kuno komwe tili ine ndimapita ndekha kumsika. Panopa achimwene anu atuluka wapansi ndi mwana, akukagula buledi."

Wapansi! Ndi mwana! Mumzinda womwe uja foni imagona mu sokosi?

"Amakukondani achimwene anu," anapitiriza Layla. "Amakudandaulani kwambiri. Akuti muli ndi chibwenzi chomwe chikungokutayitsani nthawi, chaka ndi chaka malonjezo okhaokha. Musalole, alamu. Ndinu mkazi wolimbikira inu."

Misozi inayamba kugwera pa chitenje. Zuleka akanatha kungodula foni, n'kumusiya mayiyu mumtendere wake. Koma anaganiza za mmene iye mwini anakhalira zaka ziwiri akupempherera munthu amene ankagona tulo tabwino pambali pa mkazi wake. Sanafune kuti wina apitirize kukhala mumdima womwewo.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "za chibwenzizo anakuuzani zoona. Koma ine si mlongo wawo. Anakaonekera kwa amalume anga."

Mbali inayo kunamveka chitseko chikutseguka, kamwana kakuitana amayi ake, ndi mawu aamuna amene Zuleka ankawadziwa bwino akufunsa kuti akulankhula ndi ndani.

Layla anayamba kulira chapansipansi, foni idakali kukhutu. Ndipo Zuleka, amene anayenera kupepesedwa, ndi amene anayamba kunena kuti, "Pepani, mayi. Pepani."